Anafuna kufinya makhumutcha, analira ndi okhoma maboti

 Gawo la mbiri mwezi uno lagwera ine, ndiye ndikutengerani kutali pang'ono, ku America, ku nkhani ya maboti. Musathawe. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti za maboti a azungu zikutikhudza chiyani ife oyenda pa kabaza. Dikirani kaye mumve.

Tiyambe ndi funso. Boma lashota ndalama, ndiye wina waimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti, tiyeni tisiye kufinya amphawi, tiike msonkho pa zidole za anthu olemera: magalimoto odula, ndege zawozawo, ndolo za golide, ndi maboti akuluakulu okasangalalira panyanja. Ndani angakane? Tikanati tiponye voti pa gulu lathu lino, ndikhulupirira tonse tikanakweza manja. Ku America anachitadi zimenezi mu 1990, ndipo pasanathe zaka zitatu ena mwa anthu omwewo amene anavomereza lamulolo anali kalikiliki kulichotsa. Kuti mumvetse chomwe chinachitika, muyenera kudziwa kaye kuti bizinesi ya mabotiyi inachokera kuti ndipo imayenda bwanji.

Maboti amene ndikunena pano si a asodzi, si onyamula anthu ndi katundu ngati Ilala yathu ija. Awa ndi maboti amene munthu amagula kuti azikapitidwa mphepo Loweruka ndi banja lake, kuthamangitsana ndi anzake, kapena kukawedza nsomba pamene ndiwo zili kale mufiriji. Mfundo imeneyi muisunge: palibe munthu amene amafa kapena kugona ndi njala chifukwa sanagule boti lotere chaka chino.

Ambiri nkhaniyi amaiyambira pa mnyamata wina dzina lake Christopher Columbus Smith, wa m'tauni ya Algonac m'chigawo cha Michigan, m'mphepete mwa mtsinje wa St. Clair. Mu 1874, ali ndi zaka 13 zokha, anakhoma kaboti kake koyamba kosakira abakha am'madzi. Alenje anakakonda n'kuyamba kumupempha kuti awakhomereko. Pofika 1881 iye ndi mchimwene wake Hank anali atasandutsa zimenezi kukhala ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Injini zitabwera analowa m'maboti a mpikisano, ndipo maboti awo anatenga kangapo chikho cha Gold Cup, ena akuyendetsedwa ndi katswiri wotchuka wa nthawiyo, Gar Wood. M'zaka za m'ma 1920 m'pamene kampani ya banjali inayamba kudziwika ndi dzina loti Chris-Craft.

Chomwe chinawasiyanitsa ndi amisiri ena n'choti Algonac ili pafupi ndi Detroit, komwe Henry Ford anali atasonyeza kale kuti galimoto ingapangidwe pa mzere, aliyense akugwira kachigawo kake. A Smith anaonera zimenezo. M'malo moti mmisiri mmodzi alimbane ndi boti lonse miyezi ingapo, wina ankadula matabwa, wina kukhoma, wina kupala, wina kupaka vanishi, wina kumanga injini. Matabwa ake anali a mahogany ochokera ku Philippines, ofiirira ngati mbawa wathuyu. Mtengo unatsika, ndipo ankalolanso munthu kulipira pang'onopang'ono. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Chris-Craft inali kampani yaikulu kuposa zonse padziko yopanga maboti a matabwa amenewa.

Kenako 1929 inafika, chuma cha America chinagwa chagada, ndipo anthu anasiya kugula maboti tsiku limodzi ngati achita kupangana. Makampani ambiri anatseka. Chris-Craft inapulumuka popanga timaboti totchipa topanda zokongoletsa. Mu 1935 kena kankagulitsidwa madola 406. Chimene chinadzadzazanso fakitale ndi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene boma linaoda maboti ankhondo oposa 12,000, kuphatikizapo aja otsitsira asilikali kugombe. Chris Smith mwiniwake sanaone zimenezi, anamwalira mu 1939.

Pali munthu wina amene sindingamudumphe, chifukwa ntchito yake inafika mpaka ku nyanja yathu. Ole Evinrude anabadwira ku Norway n'kukulira ku Wisconsin. Nkhani imene kampani yake inkakonda kufotokoza ndi yoti tsiku lina lotentha anapalasa boti ndi nkhafi kukagulira chibwenzi chake, Bess Cary, ayisikilimu, koma pobwerera anapeza yasungunuka. Kaya zinalidi choncho kaya ndi zokometsera malonda, chomwe chili choona n'choti mu 1909 anayamba kugulitsa kainjini komangirira kumbuyo kwa boti, kolemera makilogalamu pafupifupi 28, pa mtengo wa madola 62. Sanali woyamba kuganiza za injini yotere, koma ndi iye amene anaigulitsa kwa anthu ambiri. Mukadzaona asodzi a usipa ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay akukoka chingwe kulizitsa injini madzulo, dziwani kuti mtundu wa makina amenewo unatchuka kaye ngati chosangalalira cha anthu a ku Milwaukee.

Tsopano tifike pa chinthu chimene chinasintha zonse, faiba. Ndikhalapo pang'ono apa chifukwa mavuto a m'tsogolo muno mizu yake ili pomwepa.

Faiba ndi nsalu yolukidwa ndi timaulusi ta galasi, yomwe amainyowetsa ndi utomoni wa m'fakitale, ikauma n'kulimba gwa. Munthu wina wa ku Toledo m'chigawo cha Ohio, Ray Greene, anapanga boti la faiba mu 1942, ndipo nkhondo itatha ena anatsatira. Poyamba eni maboti ankaiseka, ati ndi bafa losambiramo. Koma mu 1959 anyamata awiri apachibale, Clinton ndi Everett Pearson, anabweretsa boti lawo la thanga lotchedwa Triton, lotalika mamita asanu ndi atatu ndi theka, ku chionetsero cha maboti ku New York, ndipo anabwerako ndi maoda. Chaka chotsatira Willis Slane wa ku North Carolina anatulutsa boti la injini la faiba lotalika mamita oposa 12, kampani yake n'kukhala Hatteras. Mu 1968 Hobie Alter wa ku California anatulutsa Hobie Cat, kaboti ka thanga ka mimba ziwiri kopepuka moti anthu awiri amakakoka pamchenga. Timaboti ta mtundu umenewu ndi timene timapikisana pa mpikisano wa matanga wa pa nyanja ya Malawi uja, wochitika nthawi ya mwera. Chris-Craft inachedwa kusintha, koma nayonso inagonja: boti lake lomaliza la mahogany linatuluka mu 1971.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumvetsa kwa aliyense amene anaumbapo njerwa. Pamafunika chikombole. Mumapaka penti yapadera m'kati mwa chikombolecho, n'kuyala nsalu ya galasi, kuinyowetsa ndi utomoni, kupsinja ndi karola kuti mpweya utuluke, kuyalanso ina pamwamba, choncho mpaka ikhuthale. Ikauma mumazula, boti ilo. Mawa mubwerezanso m'chikombole chomwecho. Ntchitoyi ndi yamanja, yonunkha mankhwala, ndipo fumbi lake limayabwa thupi lonse. Ogwira ntchito imeneyi si olemera ayi. Ndi anthu wamba a m'matauni ang'onoang'ono a ku Florida, New Jersey, Rhode Island, Maine, Tennessee ndi Minnesota.

Faiba inabweretsa zinthu ziwiri zimene eni mafakitale sanaziganizire bwino. Choyamba, aliyense wokhala ndi shedi, migolo ya utomoni ndi chikombole akanatha kudzitcha kampani ya maboti. Ena sankavutika n'komwe kujambula lawo: ankagula boti la mnzawo, kuliumbira chikombole pamwamba, n'kuyamba kutulutsa lofanana ndendende ndi dzina lina. Chigawo cha Florida chinaika lamulo loletsa kuba kotereku, koma mu 1989 khoti lalikulu la America, pa mlandu wa pakati pa Bonito Boats ndi Thunder Craft Boats, linagamula kuti chigawo chilibe mphamvu yoika lamulo lotero. Zinatengera aphungu a dziko lonse kukhazikitsa lamulo lina mu 1998. Ndiye makampani anachuluka ngati bowa, onse akulimbirana ogula omwewo.

Chachiwiri ndi chachikulu: faiba siwola. Boti la matabwa limafuna kulipala ndi kulipaka chaka ndi chaka, ukalilekerera limawola, mwiniwake n'kukagula lina. La faiba limakhala zaka makumi atatu, makumi anayi, likadali boti. Tanthauzo lake n'loti boti lililonse limene fakitale yagulitsa lero, mawa lidzakhala pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito, kulimbana ndi latsopano la fakitale yomweyo pa theka la mtengo. Inu amene muli ndi achibale osoka zovala mukudziwa chimene kaunjika anachita kwa atelala. Kusiyana kwake n'koti kaunjika wa maboti anamupanga ndi eni akewo.

Onjezanipo nkhani ya ngongole. Ogula ambiri salipira kashi, amatenga ngongole kubanki ya zaka khumi kapena kuposerapo. Nawonso ogulitsa m'mashopu sagula maboti kufakitale ndi ndalama zawo, amakongola, ndipo boti likakhala pabwalo osagulidwa chiwongoladzanja chimawerengedwa mwezi ndi mwezi. Taganizani shopu yomwe imagulitsa maboti khumi pachaka, ndipo ili nawo kale khumi pabwalo. Ogula akachepa kufika asanu ndi mmodzi, mwini shopu sanena kuti chaka chino ndioda asanu ndi limodzi. Amangoti sindioda n'limodzi lomwe mpaka awa atha. Kushopu malonda atsika pang'ono, koma kufakitale afika pa ziro. N'chifukwa chake chuma chikangotsokomola, fakitale ya maboti imakomoka.

M'zaka za m'ma 1980 palibe amene ankaganiza zokomoka. Ndalama zinkayenda, mabanki ankakongoza mosavuta, ndipo kampani ya Bayliner inatchuka pogulitsa boti, injini ndi ngolo yake yokokera pagalimoto pa mtengo umodzi, kuti munthu wa malipiro apakatikati angolowa mushopu n'kutuluka akukoka boti. Mu 1986 kampani ya Brunswick, yomwe inali kale ndi injini za Mercury, inagula Bayliner pa madola 425 miliyoni ndi Sea Ray pa madola 350 miliyoni chaka chimodzi chomwecho. Malonda anafika pachimake mu 1988. Chaka chotsatira anayamba kutsika. Chakachi muchisunge, 1989, tichifunanso.

Tsopano tabwerera ku funso lathu lija. Mu 1988 George H. W. Bush pochita kampeni anauza anthu kuti ayang'ane milomo yake, sadzabweretsa msonkho watsopano. Anapambana. Koma pofika 1990 ngongole ya boma inali itakula, ndipo Nyumba ya Malamulo inali m'manja mwa chipani cha Democratic. Atakambirana miyezi yambiri anagwirizana bajeti yomwe inali ndi misonkho yatsopano, Bush n'kusainira pa 5 Novembala 1990. M'kati mwakemo munali msonkho wa katundu wa mwanaalirenji, woyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1991. Unali 10 peresenti, koma pa gawo lokhalo la mtengo lopitirira malire: madola 30,000 pa galimoto, madola 100,000 pa boti, madola 250,000 pa ndege, ndi madola 10,000 pa zodzikongoletsera za miyala yodula ndi zovala za ubweya wa nyama.

Tiyeni tiwerenge limodzi, masamu a Fomu 1. Boti la madola 300,000, chotsanipo 100,000, patsala 200,000, msonkho wake madola 20,000. Boti la miliyoni imodzi, msonkho madola 90,000. Maganizo a aphungu anali oti munthu wotha kutulutsa miliyoni pa chidole sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha 90,000. Zikumveka, eti?

Koma wolemerayo anali ndi njira zambiri zozembera, ndipo zonse zinali zololedwa. Msonkhowu unali pa maboti atsopano okha, ndiye akanatha kugula logwiritsidwa kale ntchito, limene faiba inaonetsetsa kuti lilipo lambirimbiri ndipo likadali bwino. Akanatha kukonzetsa lomwe ali nalo kale. Akanatha kugula ndi kusunga boti lake kunja kwa dziko, monga ku Bahamas. Kapena akanangodikira, ndalama zake n'kukagulira nyumba ya tchuthi yomwe inalibe msonkho umenewu. Ena anakana kugula chifukwa cha mkwiyo chabe, poona ngati boma lawaloza chala. Amene analibe kothawira ndi uja woyala faiba, kalipentala wokhoma makabati a m'kati mwa boti, wosoka mipando, wa zamagetsi, wowotcherera zitsulo.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi cha Viking Yachts, kampani ya ku New Gretna m'chigawo cha New Jersey, yomwe anaiyambitsa mu 1964 ndi anthu awiri apachibale, Bill ndi Bob Healey. Maboti awo anali akuluakulu, onse opitirira malire a msonkho aja. Msonkho usanabwere anali ndi antchito pafupifupi 1,400. Zinthu zitafika pothina anatsala osakwana 100, ndipo fakitale yawo yachiwiri ya ku Florida anaitseka. Taganizani tauni yaing'ono, anthu oposa chikwi kuuzidwa kuti mawa musabwere. Si iwo okha amene analira. Golosale imene ankagulako, mwini nyumba amene ankamulipira lendi, kampani yowagulitsa utomoni, onsewo anamva kuwawa. Nayonso Pearson Yachts, ya anyamata a Triton aja, inagwa mu 1991.

Bob Healey anali loya, ndipo sanakhale chete. Anasonkhanitsa eni mafakitale anzake, anakweza antchito ochotsedwa m'mabasi kupita nawo ku Washington kuti aphungu awaone ndi maso, ndipo pofuna kuti atolankhani atembenuke, anakonza zoyatsa boti moto pamwamba pa chombo chonyamulira katundu ku Narragansett Bay, m'chigawo cha Rhode Island. Njira imeneyi inagwira. Nkhani inasintha pa TV: m'malo mwa bwana wovala magalasi akuda akumwa vinyo panyanja, anthu anayamba kuona bambo wa ovolosi wopanda ntchito. Lipoti lina lochokera ku komiti ya zachuma ya Nyumba ya Malamulo, lokonzedwa ndi a mbali ya chipani cha Republican, linati ntchito 7,600 zinatha m'makampani a maboti chifukwa cha msonkhowu, ndipo nambala imeneyi imabwerezedwa mpaka lero.

Chondisangalatsa ine ndi mmene andale anatembenukira. George Mitchell, amene ankatsogolera a Democratic mu Senate ndipo anathandiza kukonza bajeti ija, kwawo kunali ku Maine, chigawo chodzadza ndi okhoma maboti. Posakhalitsa anali m'gulu la ofuna kuti msonkhowo uchoke. Bush nayenso anati uchoke. Mu 1992 aphungu anavomereza bilu yomwe inali ndi ndime youchotsa, koma Bush anakana kuisainira chifukwa cha misonkho ina yomwe inalimo. Ndiye tangoganizani muli wogula, mukumva tsiku ndi tsiku kuti msonkho uchoka posachedwa. Mungagule lero? Ayi ndithu, mudikira. Kulankhula zouchotsa osauchotsa kunaumitsanso malonda kuposa kale. Unadzachoka mu Ogasiti 1993, Bill Clinton atalowa, ndipo anaubweza m'mbuyo kuti uoneke ngati unatha pa 1 Januwale chaka chomwecho. Chaka chimenechonso chigawo cha Rhode Island chinachotseratu msonkho wake wogulira maboti pofuna kudzutsa mafakitale ake.

Apa ndiye pamene ambiri amathera nkhaniyi, n'kunena kuti mwaona, osamakhometsa olemera msonkho. Ine sindikugwirizana nawo kwenikweni, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Mukukumbuka 1989 ija? Malonda a maboti anayamba kutsika msonkho usanaganiziridwe n'komwe. Mu Julayi 1990 chuma cha America chinalowa pansi, mu Ogasiti Iraq inalanda Kuwait, mafuta anakwera, anthu anachita mantha, ndipo mabanki ambiri, makamaka a kumpoto chakum'mawa komwe kuli mafakitale ambiri a maboti, anali m'mavuto moti anasiya kukongoza. Maboti ang'onoang'ono, amene msonkho sunawakhudze n'komwe chifukwa mtengo wake sunkafika 100,000, nawonso malonda ake anagwa kwambiri. Ofesi ya boma yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, General Accounting Office, itaunika nkhaniyi mu 1992 inati n'kovuta kulekanitsa zimene msonkho unachita ndi zimene kugwa kwa chuma kunachita. Eni mafakitale anali ndi chifukwa chokankhira zonse pa msonkho, paja msonkho ungathe kukauchonderera ku Washington kuti uchoke, pamene kugwa kwa chuma kulibe ofesi yokadandaulako.

Kuona kwanga n'koti msonkho sunagwetse munthuyu, unamupeza wagwa kale n'kumuponda pakhosi. Akuluakulu amati mvula ikakuona litsiro siikata. Koma kupondako kunali kwenikweni, ndipo kwa makampani ngati Viking, opanga maboti odula okhaokha, kunatsala pang'ono kukhala imfa.

Chinanso, taonani zimene zinachitika ndi magalimoto. Mu 1993 anachotsa msonkho pa maboti, ndege, ndolo ndi ubweya, koma wa magalimoto anausiya, unapitirira mpaka kumapeto kwa 2002, ndipo ndi umene unkabweretsa ndalama zambiri pa yonseyo. Bwanji panalibe woyatsa Benz moto pamaso pa atolankhani? Mbali ina n'chifukwa choti munthu wolemera boti angalidikire koma galimoto amaifuna ndithu. Mbali inanso n'choti magalimoto ambiri odula choncho ankachokera ku Germany, Japan ndi Britain, ndiye ngati wina anachotsedwa ntchito, sanali wovota wa phungu aliyense wa ku America. Maboti ankapangidwa pakhomo pomwepo, ndi manja a anthu okhala ndi phungu wawo. Lamulo linali limodzi, peresenti imodzimodzi, koma zotsatira zinasiyana kutengera kuti wogula angathawe mosavuta bwanji, ndipo wopanga chinthucho amakhala kuti. Tsiku lina pa zokambirana zathu za Loweruka wina akadzadzutsa nkhani ya misonkho, mafunso awiri amenewa ndi amene ine ndidzafunse.

Viking inapulumuka. A Healey anathiramo ndalama zawozawo kuti apitirize kukonza mitundu yatsopano ya maboti nthawi yonse ya mavutoyo, ndipo msonkho utachoka anali okonzeka pamene anzawo ambiri anali atatseka. Kampaniyo ilipo mpaka lero, ikadali m'manja mwa banja lomwelo.

Ndipo umboni woti vuto la bizinesiyi ndi lakuya kuposa msonkho umodzi unabwera wokha. Mu Disembala 2000, popanda msonkho uliwonse wa mwanaalirenji, Outboard Marine Corporation, eni ake a injini za Evinrude ndi Johnson, amenenso panthawiyo anali atagula Chris-Craft, anagwa ndi ngongole, antchito masauzande n'kuuzidwa Khirisimasi ili pafupi. Mu 2008 mabanki a ku America atagwa, zija ndinafotokoza za ngongole za mashopu zinachitika ndendende. Kampani ya Textron, imodzi mwa zikuluzikulu zokongoza ogulitsa maboti, inasiya bizinesi imeneyo, mashopu anasowa kokongola, maoda anaima. Genmar, yomwe inali yachiwiri kukula pambuyo pa Brunswick, inakapempha chitetezo kukhoti mu Juni 2009 italephera ngongole. Brunswick inatseka mafakitale ambiri. Pakati pa 2006 ndi 2010 chiwerengero cha maboti a injini atsopano ogulidwa pachaka chinatsika ndi pafupifupi theka.

Mu 2018 kunabwera ina yoseketsa koma yowawa. Donald Trump anaika msonkho pa zitsulo zolowa m'dziko mwake, mayiko a European Union pobwezera anasankha katundu wa ku America woti amukhaulitse, ndipo pa mndandandawo panali maboti, 25 peresenti. Woyala faiba wa ku Florida analowa bwanji pa mkangano wa zitsulo? Anangopezeka alimo.

Kenako Covid-19. Apa aliyense ankayembekezera maliro, moti mu Meyi 2020 kampani ya BRP ya ku Canada, yomwe inatola dzina la Evinrude pambuyo pa kugwa kuja, inalengeza kuti yasiya kupanga injinizo, patatha zaka zoposa 110 chiyambire Ole Evinrude. Koma zinatembenuka. Anthu ataletsedwa kukwera ndege, kupita ku mpira ndi kumalo odyera, anaona kuti panyanja ndi pokhapo pamene banja lingasangalale popanda kukhudzana ndi ena. Bungwe la opanga maboti la NMMA linati mu 2020 maboti a injini atsopano oposa 300,000 anagulidwa, chiwerengero chimene sichinaonekepo kwa zaka 13. Mafakitale analephera kukwanitsa maoda, utomoni ndi injini zinasowa, mitengo inakwera. Kuyambira 2022 chiwongoladzanja chinakwera, ogula anazilala, mashopu anadzadzanso maboti osagulidwa, mafakitale anayambanso kuchepetsa antchito, ndipo ambiri mwa amene anagula boti lawo loyamba nthawi ya mliri anayamba kuligulitsa. Kaunjika uja anawonjezekanso.

Mwina mukuganiza kuti pambuyo pa 1993 palibe boma lina limene linayesanso msonkho wa mtunduwu. Italy inayesa mu 2012, nthawi ya Mario Monti, eni maboti ambiri n'kusamutsira maboti awo ku Croatia ndi ku France, ndipo patapita zaka zochepa msonkhowo unachotsedwa. Canada, yoyandikana ndi America yomweyo, inayamba wake pa 1 Sepitembala 2022, pa maboti opitirira madola a ku Canada 250,000, komanso pa magalimoto ndi ndege zopitirira 100,000. Opanga ndi ogulitsa maboti anakumbutsa aphungu nkhani ya Viking mobwerezabwereza, koma lamulo linadutsa. Mu bajeti ya Novembala 2025 boma la Canada linalengeza kuti likuchotsa msonkhowo pa maboti ndi pa ndege. Wa magalimoto anausiya.